Mano Ogwirira a Chainsaw: Kachitsulo Kakang'ono Koteteza Mwendo wa Wocheka

NYIMBO YOTSEGULIRA: Ikwere kwa kanthawi, kenako itsike pansi pa mawu a wowulutsa.

WOWULUTSA: Yakwana nthawi ija yophunzitsana ntchito zamanja. Lero tikukulankhulani kuchokera ku Chipoka, m'boma la Salima, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, pomwe msewu wa M5, njanji ndi doko zinakumanirana. Kuno aliyense ali ndi chochita ndi mtengo. Msodzi akufuna matabwa a boti ndi mitengo ya thandala loyanikapo usipa, mayi wowamba nsomba akufuna nkhuni, kalipentala akufuna thabwa la chitseko, womanga nyumba akufuna mitengo ya denga. Ntchito imene kale ankagwira amuna awiri ndi macheka, wina pamwamba wina m'dzenje, lero akuigwira munthu mmodzi wonyamula chainsaw.

Amene amagwira makinawa amasamala tcheni, amasamala petulo, amasamala pulagi. Koma pali kachitsulo kena kamene ambiri amakakumbukira tsiku limene kathyoka kapena kagwa m'tchire. Ndi mano aja osongoka amene ali patsinde pa bala, chitsulo chija chimene tcheni chimazungulira, ndipo amaluma khungwa la mtengo pamene tcheni chikudula. Pokambirana za manowa ndili ndi bambo amene ntchito yawo ndi kukonza makina odulira mitengo. Bambo, takulandirani.

MMISIRI: Zikomo kwambiri mayi, ndipo moni kwa omvera onse, makamaka anzanga ocheka matabwa a kuno ku Chipoka ndi madera oyandikana nawo.

WOWULUTSA: Tiyambe ndi womvera amene sanagwirepo chainsaw, kapena amene amaigwira koma sanaiyang'anitsitse. Mano amenewa ali pati, ndipo ntchito yake ndi yotani?

MMISIRI: Chainsaw ili ndi mano amitundu iwiri. Pali mano a tcheni, amene amathamanga mozungulira bala n'kumadula mtengo. Ndiye pali mano ogwirira, amene sayenda konse. Awa ndi chitsulo chophwatalala chokhala ndi nsonga zingapo zoloza kutsogolo, chomangidwa ndi masikuluwu pathupi la injini, pamalo pomwe bala ikutulukira. M'mabuku a makinawa ndi m'masitolo amazitcha bumper spike, ndiye mukapita kukagula mutchule dzina limenelo. Makina ang'onoang'ono amakhala ndi chitsulo chimodzi, pomwe akuluakulu ena amakhala ndi ziwiri, china pathupi la injini, china pachivundikiro cha mbali ya tcheni.

Ntchito yake yoyamba ndi kugwira. Mukamadula ndi kunsi kwa bala, tcheni chimakoka makina onse kuwalowetsa kumtengo. Injini ikamalira mwamphamvu, tcheni chimathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi imodzi. Chikakola mfundo, msomali kapena chikapanikizika, makina amatsomphoka kupita kutsogolo, ndipo munthu amene wawagwira amatsatira. Mano ogwirira akakhala kuti aluma kale khungwa, mphamvu yonseyo imathera mumtengo, manja a wocheka osamva kanthu.

Ntchito yachiwiri ndi kupepukitsa. Aliyense amaudziwa mjigo. Chogwirira cha mjigo chimayenda pa kachitsulo kamodzi kapakati, ndipo chifukwa cha kachitsulo kameneko mwana wamng'ono amatha kukweza madzi ochokera pansi patali. Mano ogwirira amachita chimodzimodzi. Mukawazika m'chipika n'kukweza pang'ono chogwirira chakumbuyo, bala imatsika yokha kulowa mumtengo. Kulemera kwa makina kumakhala pachipika, msana ndi mapewa anu zimapuma.

WOWULUTSA: Ndiye kuti wocheka amene mano ake ogwirira ndi obuntha akugwira ntchito ya anthu awiri.

MMISIRI: Akugwira ntchito ya anthu awiri, komanso akuika moyo wake pachiswe. Mano obuntha amaterereka pakhungwa. Munthu watsamira makina akukhulupirira kuti agwira, mwadzidzidzi aterereka, thupi lake lapita kutsogolo, tcheni chikadathamanga. Malo amene chimapeza msanga ndi bondo, ntchafu kapena phazi. Chilonda chochekedwa ndi tcheni sichikhala chowongoka ngati cha mpeni, tcheni chimang'amba mnofu n'kusiyamo utuchi ndi mafuta. Kuchokera kuno kukafika kuchipatala chachikulu cha boma la Salima pali makilomita pafupifupi 30, ndipo ambiri amachekera kutali ndi msewu wa tala. Mtunda umenewo ndi wautali kwa munthu amene akutaya magazi.

WOWULUTSA: Tisanafike pa kanoledwe, tiuzeni kaye kagwiritsidwe ntchito koyenera, chifukwa chida chimatha msanga chikamagwiritsidwa ntchito molakwika.

MMISIRI: Podula chipika chogona, imani mapazi atatalikirana, thupi lanu likhale chakumanzere kwa bala, osati kumbuyo kwake mwachindunji. Dzanja lamanzere ligwire chogwirira chakutsogolo chala chachikulu chitazungulira kunsi, lamanja ligwire chakumbuyo. Injini ifike pa liwiro lonse tcheni chisanakhudze mtengo. Kenako zikani mano ogwirira m'khungwa, n'kuyamba kukweza chogwirira chakumbuyo pang'onopang'ono. Bala ikatsika mpaka pomwe ingathe, bwezani makina pang'ono tcheni chikadayenda, zikaninso manowo chapansipo, n'kupitiriza. Mukatsala pang'ono kumaliza, chepetsani kukankha, chifukwa mtengo ukatha makina amagwa okha ndipo bala ikhoza kulowa mumchenga kapena kupeza phazi.

Chinthu chimodzi chimene mano ogwirira sangakutetezeni nacho ndi kudumpha kwa bala. Nsonga ya bala, makamaka chigawo chake chapamwamba, ikakhudza nthambi kapena chipika china, bala imadumphira m'mwamba kulunjika kumaso kwa wocheka mofulumira kuposa kuphethira. Choteteza pamenepo ndi buleki ya tcheni, chija chili kutsogolo kwa dzanja lamanzere, ndiponso kuyang'anira komwe nsonga ya bala ili. Koma munthu amene wazolowera kudula ndi tsinde la bala, mano ogwirira ataluma, nsonga ija amakhala nayo kutali ndi ngozi.

NYIMBO: Kwa masekondi ochepa.

WOWULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tili ku Chipoka ndipo tikukambirana za kasamalidwe ka mano ogwirira a chainsaw. Bambo, chitsulo ndi chitsulo. Chimabuntha bwanji pongoluma khungwa la mtengo?

MMISIRI: Kuno kunyanja mdani wamkulu ndi mchenga. M'miyezi yozizira, mwera ukamawomba, mchenga umalowa m'ming'alu ya makungwa. Zipika zambiri zimakokedwanso pansi zisanadulidwe, ndiye zimafika zitavala mchenga ndi timiyala. Nsonga ikamazikidwa m'khungwa lotere tsiku ndi tsiku, imaperesedwa mpaka kukhala yozungulira. Mchenga womwewo ndi umene umabunthitsa tcheni m'kanthawi kochepa, n'chifukwa chake ndi nzeru kupala khungwa ndi nkhwangwa kapena chikwanje pamalo pomwe mukufuna kudula.

Mdani wachiwiri ndi chinyezi. Nthawi ya dzinja makina akasungidwa pansi m'nyumba yonyowa, kapena akakulungidwa m'thumba akadali ndi utuchi wauwisi, dzimbiri limagwira nsonga ndi mitu ya masikuluwu. Utomoni wa mango ndi mitengo ina umamata utuchi kumbuyo kwa chitsulocho, ndipo utuchi umenewo umasunga madzi.

Wachitatu ndi kanyamulidwe. Chainsaw ikamangidwa pa keliyala ya njinga kapena ya njinga yamoto popanda chotchinga, mano amagunda zitsulo njira yonse. Ena amaiponya m'lole pamodzi ndi majeke ndi masipanala. Ena amagwiritsa ntchito manowo kutembenuzira chipika kapena kukankhira mwala. Pamenepo nsonga imapindika kapena kuthyoka.

Wachinayi ndi kunjenjemera kwa injini komwe, kumene kumamasula masikuluwu pang'onopang'ono. Chitsulo chikayamba kugwedera chimakulitsa mabowo ake, ndipo chikhoza kupendekera mpaka kukhudza tcheni.

WOWULUTSA: Kodi wocheka angadziwe bwanji kuti nthawi yonola yakwana?

MMISIRI: M'mawa uliwonse, injini isanalire, achite zinthu zitatu. Agwire chitsulocho ndi dzanja n'kuchigwedeza: chisasunthe ngakhale pang'ono. Ayang'ane nsonga iliyonse padzuwa: nsonga yabwino imathera pamalo amodzi, yobuntha imaoneka yozungulira ndi yonyezimira kumapeto. Kenako ayang'ane makinawo kuchokera kutsogolo: mano onse akhale pamzere umodzi, pasakhale lopindikira kutcheni kapena kunja, ndipo pafupi ndi mabowo a masikuluwu pasakhale mng'alu. Pantchito, chizindikiro ndi chimodzi. Ngati mukuchita kukankha ndi bondo kapena mimba kuti mano alowe m'khungwa, kapena akusiya mikwasa m'malo mwa timabowo, abuntha.

WOWULUTSA: Tsopano omvera, amene muli ndi cholembera chitengeni. Bambo, tiyendetseni pang'onopang'ono pa kanoledwe.

MMISIRI: Zofunika ndi zochepa: tupa yophwatalala ya mano aang'ono yokhala ndi chogwirira chake, bulashi ya waya, kansalu, mafuta pang'ono, magolovesi, ndi chomasulira chogwirizana ndi masikuluwu a makina anu. Makina ambiri a Stihl ali ndi masikuluwu a mutu wa nyenyezi otchedwa Torx, ndipo saizi yofala ndi T27. Makina ena ali ndi a mutu wa makona asanu ndi limodzi. Musakakamize chomasulira cha mtundu wina, mudzaphwanya mutu wa sikuluwu n'kusowa pogwira.

Choyamba, zimitsani injini, idikireni izizire, ndipo chotsani kachipewa ka pulagi kuti isalire mwangozi. Mano ogwirira amakhala pafupi ndi potulukira utsi, pamene pamatentha kwambiri.

Chachiwiri, masulani manati a bala, chotsani chivundikiro, bala ndi tcheni. Ena amanola manowa ali pamakina pomwepo. Pongowongola nsonga imodzi kutchire n'zotheka, koma dzanja likaterereka limakagwera pa tcheni, ndipo tizidutswa ta chitsulo timagwera m'njira ya mafuta a bala. Kunyumba, ndi bwino kuchotsa chitsulocho.

Chachitatu, masulani masikuluwu n'kuwaika m'kachitini, chifukwa sikuluwu yogwera mumchenga wa kuno siipezekanso. Ngati ndi osiyana kutalika, kumbukirani bowo la iliyonse. Tsukani chitsulocho ndi bulashi ya waya, utomoni wouma muufewetse ndi parafini pang'ono, ndipo pukutani pomwe chimakhala pathupi la injini.

Chachinayi, chimangeni pa vayisi nsonga zitaloza m'mwamba. Ngati mulibe vayisi, chikhomereni ndi masikuluwu awiri pathabwa lolimba kudzera m'mabowo ake omwe, nsonga zitatulukira m'mphepete mwa thabwalo. Musanole chili m'manja.

Chachisanu ndiye kunola kwenikweni. Dzino lililonse lili ndi mbali ziwiri zopendekeka zimene zimakumana pansonga. Gonekani tupa pambali imodzi motsatira kupendekeka komwe linabwera nako kufakitale, n'kuikankha kupita kutsogolo mpaka kumapeto. Tupa imadya popita pokha, ndiye pobwerera inyamuleni. Mukakankha kangapo mbali iyi, kankhani kofanana mbali inayo, kuti nsonga ikhale pomwe inali. Mukatero pa dzino loyamba, chitani chimodzimodzi pa ena onse, ndipo yesetsani kuti asasiyane kutalika. Mbali zophwatalala za chitsulocho musazipale, chifukwa mukachipyapyalitsa chidzapindika mukangotsamira.

WOWULUTSA: Nanga kuthwa kwake kufike pati? Kukhale ngati kwa singano?

MMISIRI: Ayi mayi, pamenepo ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Manowa sadula, amangogwira. Nsonga yowonda kwambiri imathyokera m'mtengo wolimba tsiku loyamba lomwe, ndipo imabaya mwini wake ponyamula. Ikhale yosongoka mokwanira kuti mukaikankha ndi dzanja pachidutswa cha mtengo chokhala ndi khungwa ilume osaterereka, koma tsinde la dzino likhale lonenepa. Mukamaliza, pititsani tupa mopepuka m'mbali kuchotsa timinga ta chitsulo totsalira, pukutani, ndipo pakani mafuta pang'ono oteteza dzimbiri.

Pobwezera, yambani kulowetsa sikuluwu iliyonse ndi zala, ikayenda bwino ndiye mugwiritse chomangira. Thupi la makina ambiri akuluakulu ndi la chitsulo chopepuka cha magnesium, ndipo ena ang'onoang'ono ndi la pulasitiki. Zonsezi ndi zofewa kuposa sikuluwu, ndiye mukailowetsa mopendekeka kapena kuimanga mopyola muyeso, mazinga a m'bowo amatha. Ngati sikuluwu imamasukamasuka, pali mankhwala ogwirira masikuluwu amene amagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za galimoto, kadontho kamodzi n'kokwanira. Ndipo ikatayika, musangotenga iliyonse yomwe mwaipeza. Yaitali kwambiri ikhoza kukaboola zomwe zili kuseri kwa bowolo. Mukabwezera bala ndi tcheni, kokani tchenicho ndi dzanja lovala golovesi kuti muone ngati sichikukhudza mano ogwirira paliponse.

WOWULUTSA: Pa malo ochitira malonda pano pali anyamata owotcherera amene ali ndi galayindala yamagetsi. Kodi si yachangu kuposa tupa?

MMISIRI: Ndi yachangu ndithu, koma imadya chitsulo chambiri pakamphindi, ndipo imatenthetsa. Mukaona nsonga yasanduka yabuluu, dziwani kuti yapsa, kulimba kwake kwachoka, ibunthanso msanga. Amene alibe njira ina akhudzitse pang'onopang'ono, akuviika m'madzi pafupipafupi, atavala magalasi oteteza maso. Ndipo chitsulocho chikhale chitachotsedwa pamakina. Kuyandikiza moto wowotcherera kapena zothetheka za galayindala pa chainsaw yomwe ili ndi petulo m'thanki ndi kuitana moto.

NYIMBO: Kwa masekondi ochepa.

WOWULUTSA: Tikupitiriza. Bambo, ndalama ndi zovuta masiku ano, ndipo zipangizo zina munthu amachita kukazifuna ku Salima kapena ku Lilongwe. Ndi nthawi iti pomwe kunola sikungathandizenso?

MMISIRI: Dzino likapindika pang'ono, mukhoza kuliwongola kamodzi pa vayisi, chitsulo chitachotsedwa pamakina. Likapindikanso kachiwiri, chitsulo chatopa, chithyoka. Mukaona mng'alu pafupi ndi bowo la sikuluwu, kapena bowo litakula mpaka chitsulo chikugwedera ngakhale mutamanga, kapena mano atafupika moti thupi la injini likugunda khungwa iwo asanalume, gulani china. Popita kusitolo tengani chakalecho ndipo lembani dzina ndi nambala ya makina anu, chifukwa mabowo a Stihl, a Husqvarna ndi a makina ena amasiyana, ngakhale pakati pa makina a kampani imodzi.

Ndikudziwa kuti alipo amisiri aluso amene amasula chitsulo chotere kuchokera ku zitsulo zakale. Amene wasankha njira imeneyo aonetsetse kuti chitsulocho ndi cholimba ngati choyambacho, osati lata, kuti mabowo akugwirizana popanda kukakamiza, komanso kuti sichikutseka potulukira utsi kapena kuyandikira tcheni. Pa makina ena akuluakulu, kachitsulo kogwira tcheni chikaduka kapena chikavuka kamamangiriridwa pa mano ogwirira omwewa. Mukasintha manowo n'kukasiya kachitsuloko, tcheni choduka chimakwapula dzanja lamanja kapena mwendo.

Palinso amene amakonda kuika mano aatali kwambiri poganiza kuti akulu ndiwo abwino. Mano aatali amathandiza pa mitengo ya khungwa lochindikala, koma amachepetsa gawo la bala lomwe limadula, ndipo pa makina aang'ono amangokopa munthu kuti azikakamiza injini.

WOWULUTSA: Mwatchula kukakamiza. Ndaonapo anthu atatsamira chainsaw ndi thupi lonse, utsi uli tolotolo. Kodi vuto pamenepo limakhala mano ogwirira?

MMISIRI: Vuto pamenepo ndi tcheni, ndipo mfundo iyi ndikufuna ocheka aimvetsetse. Mano ogwirira akuthwa amapatsa munthu mphamvu zambiri pa bala, ndipo mphamvuzo zimanyenga. Tcheni chikabuntha, m'malo moima n'kuchinola, munthu amazika mano n'kumakoka chogwirira chakumbuyo ndi mphamvu zake zonse. Bala imatentha mpaka kusintha mtundu, kilatchi imapsa, timasipulingi kapena timphira tochepetsa kunjenjemera timaduka, petulo amatha wambiri, ndipo mdulidwe umakhota. Tcheni chakuthwa chimadzikoka chokha kulowa mumtengo. Yang'anani zomwe zikutuluka: chakuthwa chimalavula tizipalapala tooneka bwino, chobuntha chimatulutsa utuchi wosalala ngati ufa.

Choncho tsiku lonola mano ogwirira likhalenso lokonza tcheni. Mano a tcheni amanoledwa ndi tupa yozungulira, ndipo saizi yake imatengera tcheni: mamilimita 4 pa matcheni a makina aang'ono, 4.8 pa apakati, 5.2 kapena 5.5 pa akuluakulu. Matcheni ambiri odulira mopingasa amanoledwa pa madigiri 30, pomwe opangidwira kung'amba matabwa amanoledwa pa madigiri 10. Kachitsulo kotsogola kutsogolo kwa dzino lililonse, kamene kamayeza kuya kwa kaduledwe, pa matcheni ambiri kamakhala kotsika ndi mamilimita 0.65 kuchokera pansonga ya dzino. Ena amakapala kwambiri kuti tcheni chizidya msanga. Chikatero chimakoka makina mwaukali, ndipo ngakhale mano ogwirira abwino amavutika kuwagwira.

WOWULUTSA: Ocheka ambiri kuno amagwiritsa ntchito chainsaw kung'amba matabwa, osati kudula zipika kokha. Ena ndimawaona atachotseratu mano ogwirirawa.

MMISIRI: N'zoona. Pong'amba chipika m'litali, kutsatira chingwe chopaka makala kapena oyilo, mano ogwirira sagwira ntchito kwenikweni, ndipo ena amawachotsa kuti bala ifike patali. Vuto limabwera mawa lake, pamene munthu yemweyo akupita kukagwetsa mtengo kapena kudula zipika ndi makina opanda mano. Ngati munawachotsa, abwezereni musanagwetse kapena kudula mopingasa. Pogwetsa mtengo, bala imakhala yogona chammbali, ndipo mano ogwirira ndi amene amanyamula makina pathunthu kuti mdulidwe uwongoke. Mdulidwe wokhota umadya kachigawo kamene kamayenera kutsala pakati kuti kawongolere mtengo pogwa, ndipo mtengo umagwera komwe simunafune. Pogwetsa, munthu wina aliyense akhale kutali kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo, ndipo tsiku la mwera wamphamvu musagwetse konse.

WOWULUTSA: Makinawa anachokera kutali, ndipo amene anawapanga anaganizira kachitsulo kalikonse.

MMISIRI: Zedi. Andreas Stihl anapanga chainsaw yake yoyamba yamagetsi ku Stuttgart, m'dziko la Germany, mu 1926, ndipo yoyendera petulo inatsatira mu 1929. Makina a nthawi imeneyo anali olemera moti ankagwiridwa ndi anthu awiri. Tcheni cha mano opindika chomwe tikugwiritsa ntchito lero chinachokera kwa Joseph Cox wa ku Oregon, ku America, amene anayamba kuchipanga mu 1947 ataonerera momwe mphutsi ya kachilombo kofukula mitengo imadyera thabwa. Kampani ya Husqvarna ya ku Sweden inayamba kupanga makinawa mu 1959. Kuyambira pamenepo akhala akupepuka ndi kuthamanga kwambiri, ndipo mphamvu zomwe kale ankalimbana nazo anthu awiri tsopano zili m'manja mwa munthu mmodzi. N'chifukwa chake buleki, kogwira tcheni ndi mano ogwirira sizinaikidwe ngati zokongoletsa.

WOWULUTSA: Tikumbutsaneko za chitetezo cha thupi, popeza kunja kuno kumatentha ndipo ambiri amacheka atavala patapata.

MMISIRI: Kutentha kwa kunyanja tonse tikukudziwa, koma phazi silimeranso. Nsapato zolimba zotseka, magolovesi, magalasi a maso ndi chisoti n'zofunika. Pali mathalauza opangidwira ntchitoyi, okhala ndi ulusi umene umakola tcheni n'kuchiimitsa chisanafike pamnofu, ndipo eni makina amene amalemba anyamata ntchito ayenera kuwaganizira. Phokoso la chainsaw limapitirira ma decibel 100, pomwe makutu amayamba kuwonongeka munthu akamakhalitsa paphokoso lopitirira 85, ndiye zotseka m'makutu zisasowe. Ponyamula, valikani bala chivundikiro chake ndipo kulungani mano ogwirira ndi chidutswa cha tayala kapena chiguduli chochindikala. Mano onoledwa kumene amabaya, ndipo bala lobayidwa ndi chitsulo chokhala ndi dothi likhoza kubweretsa kafumbata. Litsukeni ndi madzi aukhondo ndi sopo, mupite kuchipatala. Pa chilonda chachikulu chochekedwa ndi tcheni, panikizani mwamphamvu ndi nsalu yoyera, musathiremo dothi, oyilo kapena petulo, ndipo thamangirani ndi wovulalayo kuchipatala. Musapite kukacheka muli nokha.

WOWULUTSA: Nthawi yatithera, koma sitingatseke osanenapo za mitengo yomwe. Chida chakuthwa chimagwetsa m'mphindi zochepa mtengo umene unakula zaka makumimakumi. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zake zinakhwima, limateteza nkhalango za boma monga Thuma ndi Dedza-Salima, zomwe zili kumtunda kwathu kuno. Mapiri amenewo akakhala opanda mitengo, mvula imakokolola dothi n'kulitsitsira m'mitsinje mpaka m'nyanja, momwe nsomba zimaswana. Musanadule mtengo wachilengedwe monga mbawa kapena mlombwa, ngakhale uli m'munda mwanu, yambani mwafunsa ku ofesi ya zankhalango ya boma la Salima, kwa mfumu ndi kukomiti yoona zachilengedwe ya m'mudzi mwanu. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo amene amadyera mitengo ndiye ayenera kukhala patsogolo kudzala. Bambo, mawu anu omaliza kwa anzanu ocheka.

MMISIRI: Anzanga, mawa m'mawa musanathire petulo, gwirani mano ogwirira n'kuwagwedeza. Ngati akugwedera, amangeni. Ngati abuntha, anoleni ndi tupa yophwatalala motsatira kupendekeka kwake. Ngati ang'aluka, sinthani. Ndipo musawagwiritse ntchito pokakamiza tcheni chobuntha. Eni makina, musapatse mnyamata chainsaw yopanda mano ogwirira kapena yopanda buleki, chifukwa akavulala ndi banja lonse limene limagona ndi njala.

WOWULUTSA: Omvera, amene mwamva pulogalamuyi kafotokozereni mnzanu amene anali kutchire kapena panyanja nthawi ino. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino, ndipo gwirani ntchito mosamala.

NYIMBO YOTSEKERA: Ikwere mpaka kumapeto.